Mmene Ndinasandukira Fani

Mukandiona lero ndikutembenuka thupi lonse munthu akandiitana kumbuyo, musamati ndi ukalamba wokha. Khosi langali linagwirapo ntchito imene Mulungu sanalilengere. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa zaka zambiri, koma ndaona kuti ndi bwino ndiinene ndekha, chifukwa amene amainena kumbali amaithira mchere wambiri.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa boma ku Mangochi, m'nyumba yamalata imene bambo akunyumba anapatsidwa chifukwa cha ukalaliki wawo. Nyumbayo inali ndi magetsi, ndipo ine mwana wa ku Malindi, wokulira pa koloboyi, ndinkayenda ngati mkazi wa bwanamkubwa. Ana anga atayamba sukulu, amayi anzanga apantchito anayamba kumandisiyira ana awo m'mawa n'kudzawatenga poweruka. Anakwana asanu. Masiku ano amati sukulu ya mkombaphala, koma ife tinkangoti kusunga ana basi.

Ndiulule matenda anga poyamba. Ine ndine wa kafunsefunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma sanatiuze chimene amadya wofunsitsa. Tsono inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene funso linkatha kukugonetsa kumene sunakonzekere. Magetsi akazima sunkafunsa kuti azimiranji kapena abwera liti. Unkangoti "apumako," n'kuyang'ana uku ndi uku. Choncho mafunso anga onse ndinkawathera pa katundu wa m'nyumba, amene sakanapita kukandinenera kulikonse.

Pa katundu yenseyo, mfumu yake inali fani. Tinaigula kwa mmwenye wina pamene ankasamukira ku Limbe. Inali yachitsulo, yolemera ngati mtondo, ndipo inkapukusa mutu uku ndi uku ili pa tebulo. Amene anakhalako ku Mangochi mwezi wa Okotobala akudziwa kuti dzuwa la kumeneko silicheza. Ana akadya masana ndinkawayala pa mikeka, kutseka makatani, kuyatsa fani, ndipo posakhalitsa onse anali atapita kutulo. Ine ndinkati ndine katswiri wolera ana (munthu amadzitama ndi ntchito ya ena).

Wamng'ono pa onse anali Hawa, wosakwana zaka ziwiri. Mayi ake, Abiti Jafali, ankataipa makalata mu ofesi ina pa bomapo. Bambo a mwanayo anali ku Joni, choncho mwini mawu anali mchimwene wake wa Abiti, Che Saidi, amene ankakonza injini za maboti ku Monkey Bay. Iwowa za kuti mlongo wawo azigwira ntchito sanazikonde chiyambire.

Chaka chimenecho magetsi anayamba kupumako masana enieni, nthawi yogonetsa ana. Tsiku lina Abiti pobwera kudzatenga mwana anakhala pakhonde, nkhope ili gwa.

"Amayi, Hawa akapanda kugona masana amalira madzulo onse mpaka mawu kusasa," anatero. "Achimwene amupeza choncho kawiri. Akuti mwana wa mbumba yawo asamazunzike chifukwa cha taipi. Akadzaonanso kachitatu, ntchito ndisiye."

"Nanga mukasiya mudzadya chiyani?"

"Ndidzabwerera kumudzi, ndizikayanika usipa. Sukulu yonse ija ipite pachabe."

Anayang'ana zala zake, zimene zinkathamanga pa taipi ngati nkhuku zotola chimanga, ndipo ine chisoni chinandigwira. Ndinamulonjeza kuti Hawa azigona masana aliwonse, magetsi akhalepo kapena asakhalepo. Mmene ndikanachitira zimenezo sindinkadziwa.

Ndinayamba ndi nzeru imene aliyense akanayamba nayo. Fani imapereka mphepo, ndiye ndinatenga lichero n'kumawakupiza. Anawo anaona ngati ndi masewera atsopano, anadzuka onse n'kumalimbirana lichero. Mawa lake ndinanyika zitenje m'madzi n'kuzipachika pa mazenera. M'nyumba munaziziradi bwino, koma maso khumi anali tong'o kundiyang'ana. Ndinabereka Hawa n'kumamuimbira nyimbo zonse zimene ndinaphunzira ku mishoni. Iye akati asinze, anzake ankamukoka mwendo.

Apa ndi pamene matenda anga aja anadzuka. Ndinadzifunsa kuti, ngati m'nyumba mwazizira koma ana sakugona, ndiye kuti chimawagonetsa n'chiyani? Kodi ndi mphepo ya fani, kapena kulira kwake? Funso limeneli linandisowetsa mtendere kuposa kulira kwa Hawa.

Tsiku limene magetsi analipo ndinayesa. Ndinatembenuza fani kuti iziuzira khoma, n'kuika katoni pakati kuti mphepo isafike pa mikeka ngakhale pang'ono. Abale inu! Ana anagona onse, thukuta lili kamukamu, kukamwa kuli yasa. Ndinavina ndekha pakati pa nyumba mopanda phokoso. Ndinali nditatulukira chinthu chimene ngakhale mmwenye mwini fani sankachidziwa: ana anga ankagonera phokoso.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati, ngati ndi phokoso, nanga pakamwa ndili napo pa ntchito yanji?

Ndinayamba kuiphunzira fani ija ngati katekisimu. Ndinkakhala pafupi nayo khutu lili tcheru. Ikamapita kumanzere inkati "vuuuuu," ikafika kumapeto inkati "kete-kete," kenako n'kubwerera. Ndinkayeserera potsuka mbale, posita, ngakhale ku bafa. Tsiku lina bambo akunyumba anandipeza kukhitchini ndili mkati moyeserera.

"Kodi muno mwalowa njuchi?" anafunsa.

"Ayi bambo, ndikuphunzira fani."

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mawu amenewa musadzawanene pagulu." (Malemu aja anali ndi nzeru, ine ndi amene ndinalibe makutu.)

Magetsi atazimanso ndinaima pakati pa nyumba n'kuyamba "vuuuuu." Ana anaseka mpaka wina kudzikodzera. Sindinakhumudwe, ndinangofunsa kuti chalakwika n'chiyani. Ndinazindikira kuti phokoso la fani limapita n'kubwera chifukwa imapukusa mutu, ndiye nanenso ndinayamba kupukusa wanga. Ndinazindikiranso kuti limachokera pa tebulo, pakona, osati pakati pa nyumba. Ndinasuntha fani, ndinakwera pa tebulo n'kugwada pamalo pake penipeni. Mawu anga anali opyapyala, ndiye ndinkaimbira m'chitini cha mkaka kuti amveke achitsulo. Ana akaona nkhope yanga ankaseka, ndiye ndinadzifunditsa kumutu nsalu yoyera ya pa tebulo, nditainyika m'madzi kuti ndisakomoke ndi kutentha.

Chilichonse mwa zimenezi chinali ndi chifukwa chake chomveka bwino. Ndikupempha kuti mukumbukire zimenezo.

Ndipo zinatheka! Tsiku lachitatu ana anagona onse asanu, Hawa poyambirira. Vuto linali limodzi lokha: ndikangosiya, ankadzuka. Choncho ndinkapitiriza ola lathunthu, kungoba mpweya pa "kete-kete." Sabata ziwiri zinatha Hawa osalira madzulo, Abiti anandibweretsera chambo chachikulu, ine mtima unali m'malo. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalonda anga anali Mayi Tcheya, mkulu wa amayi a chipani m'dera lathu. Iwowa ndi amene ankasonkhanitsa amayi kukaphunzira magule okavina pa misonkhano. Ine ndinali nditapempha kuti ndisamapite chifukwa cha ana, koma iwo sankakhulupirira kuti anawo aliko tsiku lililonse. Tsono masana ena, magetsi atazima, anabwera kudzaona okha.

Ndinamva "Odi!" pakhomo. Ndinamvanso kachiwiri. Koma ndiyankhe bwanji, Hawa atangotseka maso kumene? Ndinati adikire pang'ono, aganiza kuti kulibe anthu. Iwo m'malo mobwerera anazungulira kuseri, anapatula katani pa zenera n'kusuzumira.

Taganizani zimene anaona. M'nyumba muli mdima. Ana asanu ali ndandanda pansi, osagwedezeka. Pa tebulo pagwada chinthu chofunda nsalu yoyera yodontha madzi, chikupukusa mutu pang'onopang'ono, chikulira mawu osakhala a munthu.

Ndinakweza nsalu pang'ono, maso athu anakumana. Apa ndiye ndinalakwitsa kotheratu. M'malo motsika n'kufotokoza, ndinapitiriza "vuuuuu," n'kuwakodola ndi dzanja kuti alowe mwakachetechete. Mayi aja anali ndi thupi ndithu, koma liwiro limene anathamanga tsiku limenelo sindinalionenso. Patapata imodzi anaisiya pansi pa zenera.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kumsika, ndipo inkakula pa khomo lililonse. Pa mpopi ankati sindinagwade pa tebulo koma ndinkayandama pamwamba pake. Kwa ogulitsa nsomba ankati ana aja sankapuma. A ku mzikiti ankati ndi majini, a ku tchalitchi kwathu ankati ndi ziwanda, ndipo kwa nthawi yoyamba mbali ziwirizi zinagwirizana kuti mayi uja asasungenso ana.

M'mawa mwake sikunabwere mwana ngakhale mmodzi. Ndinaphika phala la anthu asanu n'kulidya ndekha, manyazi akundidya inenso. Chakumasana Abiti anafika, Hawa ali kumsana, ndipo sanamutsitse. Anaima patali ndi khonde.

"Amayi, ndiuzeni zoona. Mumatani ndi ana athu?"

"Abiti mwanawe, palibe choipa. Magetsi akazima ndimakhala fani."

Nditangotero ndinakumbukira chenjezo la bambo akunyumba. Abiti anabwerera m'mbuyo phazi limodzi.

"Mumasanduka?"

"Sindisanduka ayi! Ndimangolira ngati fani."

"Mutafunda nsalu yoyera?"

"Kuti asandione nkhope."

Yankho lililonse linkandimiza kuposa linzake. Abiti anayamba kulira. Anati uthenga wafika kale ku Monkey Bay, ndipo achimwene ake alamula kuti asapitenso ku ofesi. Iye anawachonderera kuti abwere adzaone okha asanagamule, ndipo anavomera kubwera Lachisanu akatuluka ku mzikiti wa pa bomapo. Akapeza kuti mwana wakhala m'manja mwa majini, ntchito yatha, ndipo nkhani yanga ipita ku ofesi ya chipani. Za ine ndinachita nazo mantha, sindinama. Koma chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mtsikana uyu ataya ntchito chifukwa cha nzeru zanga zomwe ndinkati zimupulumutsa.

Lachisanu linafika. Che Saidi anali bambo wamtali, wowonda, atavala mkanjo woyera ndi chisoti, zala zakuda ndi oyilo amene sopo anamulephera kalekale. Analamula kuti zonse zikhale mmene zinalili tsiku lija, choncho amayi ena aja anabweretsa ana awo n'kuima panja pa zenera. Mayi Tcheya anakhala pa chitseko, mwendo umodzi uli kunja.

"Sikomo amayi," anatero Che Saidi atakhala pa mpando. "Ine sindinabwere kudzakangana. Tionetseni zimene mumachita."

Tsiku limenelo, mwa masiku onse, magetsi analipo. Fani inkazungulira bwinobwino ngati ikundiseka. Ndinaizimitsa ndekha, ndinaisuntha, n'kukwera pa tebulo pamaso pa mwamuna wa eni wochokera kopemphera. Ndinatenga chitini changa. Nsalu ndinafunda, ndipo kunena zoona tsiku limenelo ndinaithokoza.

Ndinayamba, koma mawu ankanjenjemera ngati a mbuzi yomangidwa. Ana anadzuka kukhala tsonga. Wina analoza tebulo n'kuseka. Hawa anayang'ana amjomba ake Che Saidi, anayang'ana ine, n'kutsegula kukamwa kulira kwenikweni. Panja ndinamva wina akuti, "Lero zakanika chifukwa pali munthu wa mapemphero." Pansi pa nsalu paja misozi inasakanikirana ndi thukuta.

"Taimani," anatero Che Saidi. "Tayatsani fani yeniyeniyo."

Ndinatsika n'kuyatsa. Bambo aja anasendeza mpando, anapendeketsa mutu, anatseka maso. Anamvetsera fani ikupita, ikubwera, ikupita, ikubwera. Ndinaizindikira nkhope imeneyo. Inali nkhope ya munthu wodwala matenda anga omwe.

"Zimitsani. Kwerani. Yambaninso."

Ndinayamba. Sindinafike patali.

"Iyayi amayi, mukuthamanga. Injini iyi ndi yokalamba, siifulumira choncho. Komanso kugogoda kwake mukulakwitsa. Kumanzere imagogoda katatu, kumanja kawiri. Inu mukupanga kawiri mbali zonse."

Ndinavundukula nsalu. "Katatu? Zoona?"

"Walahi katatu. Kachitatuko n'kapansipansi."

Manyazi onse anathawa. Sabata zonse zija ndinali ndisanakamve kachitatuko! Ndinawapempha kuti tiyatsenso ndimve ndekha, ndipo kanalipodi. Tinayamba kukambirana ngati tili awiri m'nyumbamo, iwo akundifotokozera za kachitsulo kotchedwa beringi kamene kamagogoda mkati, ine ndikufunsa chifukwa chake kamagogoda mbali imodzi kuposa inzake. Abiti anachita kutsokomola kuti tikumbukire mlandu.

"Chabwino," anatero Che Saidi. "Inu gwirani kulira kokhako, musamadule mpweya. Kugogoda ndisiyireni ine."

Anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa kasipanala (munthu wa injini sapita opanda sipanala ngakhale kopemphera). Ndinakwera, ndinafunda, ndinayamba "vuuuuu" mosathamanga. Mutu ukafika kumanzere, iwo ankagogoda mwendo wa mpando katatu. Ukafika kumanja, kawiri. Sindikudzitama, koma fani imene tinapanga anthu awiri tsiku limenelo inaposa ya mmwenye.

Kulira kwa Hawa kunayamba kutsika, kunasanduka kudandaula, kenako zii. Ndinasuzumira pansi pa nsalu. Ana anali akugwa mmodzimmodzi. Hawa anakwawa n'kukatsamira phazi la amjomba ake, chala chili m'kamwa, n'kugona pomwepo. Pa chitseko, Mayi Tcheya mutu unali utayamba kuwalemera, ankangodzidzimuka n'kukonza duku.

Chigamulo chinaperekedwa monong'ona, sipanala ikugogodabe, chifukwa palibe amene ankafuna kudzutsa ana.

"Mayi Tcheya, jini ndalifunafuna muno sindinalipeze. Ndapeza beringi yakutha ndi mayi wolimbikira ntchito." Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, Lolemba upite ku taipi yako. Munthu amene angakwere pa tebulo chifukwa cha mwana wa mnzake, mwana ameneyo sakuzunzika."

Abiti anabwera n'kundigwira dzanja pansi pa nsalu, akulira mopanda mawu. Ine ndinkafuna kumuyankha, koma ndinali ndidakali pa ntchito. Ndinangomufinya dzanja n'kupitiriza kulira kwanga, ndipo mumtima ndinali wosangalala kuposa tsiku la ukwati wanga.

Nkhani ikanathera pamenepa bwenzi ili yabwino. Koma Che Saidi anali munthu wachifundo. Ponyamuka ananyamula fani ija n'kuimanga pa njinga.

"Mwavutika mokwanira amayi. Ndikakukonzerani, simulipira kanthu."

Ndinathokoza mpaka kugwada. Mutu wanga wonse wofunsafunsa uja sunafunse funso limodzi lokha limene linali lofunika.

Inabwera patatha sabata, yopukutidwa, yonunkhira girisi. Che Saidi anaiika okha pa tebulo n'kuyatsa. Inazungulira, inapukusa mutu, mphepo ili kuthyathya makatani. Phokoso? Ngakhale udzudzu umaposa.

"Mwamva?" anafunsa monyadira.

"Sindikumva kanthu."

"Eyaa! Ndiye kukonza kumeneko."

Masana amenewo magetsi analipo, fani inkazungulira, ndipo ana asanu anali maso tong'o kundiyang'ana, kudikira. Ndinayang'ana Hawa, ndinakumbukira mayi ake ali ku ofesi mtima uli phee. Ndinapita kukanyika nsalu.

Kukawapempha bambo aja kuti abwezeretse beringi yakutha sindikanatha, munthu atakonza mwaulere ndi mtima wake wonse. Mwina mukuganiza kuti apa ndinaphunzirapo kusiya zinthu mmene zilili. Ayi ndithu. Loweruka lina bambo akunyumba atapita ku mpira, ndinatenga mpeni n'kuitsegula fani ija, kungoti ndione chimene anasintha, mwina n'kuchimasula pang'ono kuti kugogoda kubwerere. Mkati munali mosangalatsa kwambiri, ndinaphunziramo zambiri. Pobwezeretsa ndinatsala ndi tizitsulo tiwiri m'manja tosowa kolowa, ndipo fani ija sinazungulirenso mpaka lero.

Abiti ntchito yake anaigwira mpaka kupuma, ndipo Hawa sanaphonyenso tulo ta masana tsiku ndi limodzi lomwe mpaka anayamba sukulu. Anzanga ankadandaula monong'ona za kuzima kwa magetsi, ine osadandaula nawo. Azime, ayake, kwathu zinali chimodzimodzi: ikakwana nthawi ndinkakwera pa tebulo.